Paketi Yachisanu ya Shuga

Kuyamikidwa konse nkwa Allah (Subhanahu wa Ta'ala), amene amadyetsa zolengedwa zake za pamtunda ndi za m'madzi. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam), pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, abale ndi alongo athu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, tikudzilangiza tokha poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah poyera ndi pobisika.

Mu Ramadhan ya chaka cha 2020, Ijumaa inatipezanso m'makomo mwathu, ndipo khutuba yomwe mukanaimva muli m'maswafu inakufikani papepala. Kuyambira pa 1 Epulo 2020, pamene Pulezidenti Filipe Nyusi anaika dziko pa malamulo a nthawi ya ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, mapemphero a pagulu anaimitsidwa. Malamulowo anawonjezeredwa masiku ena 30, choncho Ramadhan ya chaka cha 1441 tinaisala popanda tarawehe ya mumzikiti ndiponso popanda futari ya pabwalo. Sukulu zinatsekedwa kale pa 23 Malichi, m'mawa mwake mwa tsiku limene wodwala woyamba anapezeka ku Maputo. Koma msika unali wotsegula, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo.

Ena mwa ife tinadandaula kuti bwanji nyumba ya Allah inatsekedwa pamene malo a malonda ankayenda. Dandaulo limeneli likuchokera mumtima wokonda mzikiti, ndipo sitikulinyoza. Komabe swala ili ndi njira ina: munthu amene Ijumaa yamudutsa pa chifukwa chovomerezeka amaswali Dhuhr kunyumba kwake, ndipo dziko lonse linapangidwa kukhala malo oswalira. Mchere ulibe njira ina. Ukatha, wina ayenera kutuluka. Ndiye kuti malo okhawo amene Asilamu tinkakumanabe masiku amenewo anali pamzere wa pasitolo ndi pakati pa milu ya matimati, ndipo mayeso amene tinazolowera kuwayembekezera mumzikiti anatitsatira kumeneko.

Funso lathu lero ndi laling'ono pomveka. Mwamuna wafika pasitolo atavala chotchinga mphuno ndi pakamwa. Pashelefu patsala mapaketi asanu a shuga, ndipo m'thumba mwake muli ndalama zokwana onse asanu. Kumbuyo kwake kwaima mayi amene wamanga makobidi pakona ya chitenje, okwana theka la paketi. Mwamunayo akatenga onse, wachimwa kodi? Sanabe, sananame, walipira mtengo wonse umene mwini sitolo wanena. Ndipo tisabise: pamene mphekesera zoti zonse zitsekedwa zinayamba kumapeto kwa Malichi, ambiri mwa ife, ngakhale ife amene tikulemba, tinathamangira kusitolo ndi maganizo omwewo.

Mwamunayo ali ndi zodzitetezera, ndipo nzolemera. Kudyetsa mkazi ndi ana ndi udindo umene Allah adzamufunsa. Kuganizira za mawa si kusowa chikhulupiriro. Mneneri Yusuf (Alaihi salaam) anasunga tirigu wa ku Iguputo zaka zisanu ndi ziwiri. Mtumiki wathu, monga zilili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, ankapatulira akubanja kwake chakudya cha chaka chathunthu. Umar bin Al-Khattab (Radhiya Allahu anhu) ali pa ulendo wa ku Sham anabwerera panjira, pamalo otchedwa Sargh, atamva kuti kutsogolo kuli mliri. Abu Ubaida anamufunsa ngati kumeneko sikunali kuthawa chikonzero cha Allah, koma Abdur-Rahman bin Auf atafika anatsimikiza kuti Mtumiki analetsa kulowa m'dera la mliri kapena kutulukamo. Kudzitchinjiriza ndi gawo la kuyadzamira kwa Allah. Pamwamba pa izi, amene wagula zambiri kamodzi sabweranso pamsika mawa ndi mkuja, ndipo potero wachepetsa kuthithikana kumene azaumoyo ankatichenjeza nako. Pali chowonadi apa chimene sitingachikane.

Koma tiyang'anenso zitsanzo zomwezo. Yusuf anasunga m'zaka za dzinthu zochuluka, pamene kusungako sikunachotse kanthu m'mbale ya munthu, ndipo njala itafika anatsegula nkhokwe, mpaka abale ake amene anamuponya m'chitsime anadzapimiridwa. Chakudya cha chaka chimene Mtumiki ankapatula chinkachokera ku minda imene inali gawo lake, osati pamsika wa Madina pa tsiku la kusowa, ndipo nthawi zambiri chinkatha chaka chisanathe chifukwa cha kugawa. Imam An-Nawawi, mmodzi wa akuluakulu a madhhab ya Shafi'i imene ambiri kuno timatsata, amene anamwalira m'chaka cha 1277, analongosola hadith imeneyi pofotokoza maganizo a maulamaa ambiri. Mwachidule: kusunga zokolola za m'munda mwako nkololedwa, kugula pamsika chakudya cha chaka m'nyengo ya zochuluka nkololedwanso, koma m'nyengo ya kuchepa munthu agule zokhazo zimene sizipanikiza anthu ena, monga za masiku angapo kapena za mwezi. Choncho yankho silili pa chiwerengero cha mapaketi. Lili pa zimene zatsala pashelefu, ndi pa amene waima kumbuyo.

Chovuta cha tchimo limeneli nchakuti lilibe mwini mmodzi. Wogula woyamba sanafune kuvulaza munthu, wachiwiri chimodzimodzi. Koma anthu khumi akagula za mwezi pa tsiku limodzi, shelefu imayera. Amene wadutsa nkuona shelefu yoyera amakauza anzake kuti shuga akusowa. Mawa lake anthu makumi awiri amalawirira. Wogulitsa poona mzere amakweza mtengo. Shuga amene anachoka ku Nampula pa lole anali wokwanira tauni yonse, ndipo mantha athu ndiwo amusowetsa. Ndipo mtengo wokwerawo sugwera onse mofanana. Wogula katoni amalipira zochepa pa kilogalamu. Wogula mafuta pa kabotolo, shuga wa m'timapepala ndi chidutswa cha sopo amalipira zambiri pa supuni iliyonse, tsiku ndi tsiku, chifukwa ndalama yake imabwera tsiku ndi tsiku.

Apa pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena mosapsatira. Kukhala pakhomo ndi chinthu chogula. Amene ali ndi malipiro a pamwezi atha kutseka chitseko masabata awiri. Mayi wa zitumbuwa, mnyamata wonyamula katundu pa siteshoni ya Cuamba, wa njinga amene ankadyera kuwolotsa anthu pakati pa Mandimba ndi Chiponde, wa ganyu: iwowa akapanda kutuluka lero, moto suyaka madzulo. Boma lenilenilo linaona zimenezi pamene malamulo oyamba analetsa matakisi a njinga zakapalasa ndi zamoto, ndipo pasanathe masiku ambiri linawaloleza kuti abwerere pamsewu atavala zotchinga. Kutsidya, ku Malawi, boma linalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, ochita malonda m'misika anatuluka kukana, ndipo pa 17 Epulo bwalo lalikulu la milandu linaimitsa lamulolo. Sitikuweruza za dziko la eni. Tikungoti aliyense amene wakhala m'nyumba mwamtendere adziwe kuti masamba amene wadya pa futari anathyoledwa, kunyamulidwa ndi kugulitsidwa ndi munthu amene sanathe kukhala m'nyumba. Kumuyang'ana munthu ameneyo ngati wosamvera, kwinaku tikumunenerera mtengo mpaka phindu lake lithe, nkudya kawiri pa mutu wake.

Tsopano kwa inu abale athu a masitolo ndi mabenchi, ndipo ambiri a inu ndinu amene mumamanga mizikiti yathu. Si kukwera kulikonse kwa mtengo kumene kuli tchimo. Mu 2020 malire anapanikizidwa, mayendedwe anavuta, metical inkafooka pamaso pa dola, ndipo amene wagulitsa lero ayenera kukaodanso mawa pa mtengo watsopano. Mitengo itakwera ku Madina, maswahaba anapempha Mtumiki kuti aikhazikitse, ndipo iye anakana poopa kupondereza wina pa chuma chake. Tchimo limene sharia imalitcha ihtikaar ndi lina: kugula chakudya pa nthawi imene anthu akuchifuna, nkuchitsekera kuti mtengo ukwere. Ndi pamene m'chipinda cha kuseri muli matumba a mpunga, koma pakhomo mukuyankha kuti watha, mukudikira masiku khumi omaliza a Ramadhan. Maulamaa a Shafi'i amalimanga lamuloli pa zakudya zimene anthu amadalira. Abu Yusuf, wophunzira wa Imam Abu Hanifa, analitambasula kufikira chinthu chilichonse chimene kuchibisa kumavulaza anthu. Ife tikuona kuti m'chaka cha 2020, pamene aliyense ankauzidwa kusamba m'manja, sopo analowa m'gulu limenelo, ndipo wobisa sopo asadzitonthoze kuti sadyedwa.

Palinso kukweza mtengo kosaoneka. Mtengo wa mulu sunasinthe, koma mulu wa matimati asanu wasanduka wa anayi. Chitini chopimira chaphwanyidwa pansi. Usipa wabwino uli pamwamba, wofumbwa uli m'kati. Mtumiki anapisa dzanja m'mulu wa chakudya pamsika napeza chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anamudzudzula mwini wake kwambiri. M'Qur'an muli sura yathunthu, Al-Mutaffifin, yotchedwa ndi dzina la opungula miyeso. Mu 2020 wogula ankauzidwa kuti asagwiregwire katundu ndipo asachedwe pamsika. Maso ndi manja ake zinamangidwa, ndipo chimene chinatsala chomuteteza chinali kuopa Allah kwa wogulitsa.

Koma choopsa chachikulu cha chaka cha 2020, m'kuona kwathu, sichinali m'tauni. Inali nyengo yokolola, ndipo chimanga sichinali chosowa. Chosowa kumudzi chinali ndalama ndi uthenga woona. Mlimi wa kumidzi ya Ngauma, kutali ndi Massangulo ndi msewu wa N13, ankamva kuti kuli matenda, kuti apolisi akubweza anthu, kuti malire atsekedwa. Ndiye pakhomo pake pafika wogula ndi sikelo yake, nkumuuza kuti msika kulibe chaka chino, atenge zomwe wapatsidwa. Mtumiki analetsa kuchingamira amalonda panjira asanafike pamsika ndi kudziwa mitengo, ndipo anampatsa wogulitsa wotere ufulu wobweza malondawo akadzafika pamsika. Chifukwa cha lamulolo ndi chomwechi: phindu lochokera pa kusadziwa kwa mnzako. Kupikula kumudzi si haramu, ndipo kumamupeputsira mlimi ulendo. Haramu ndi bodza limene lakwera nawo pa njinga. Chimanga chimene chachoka motchipa mu Meyi chidzabwerera m'mudzi womwewo mu Januwale pa mtengo wa njala. Nanunso alimi, werengani miyezi musanatsegule nkhokwe.

Pa chilala chimene chimatchedwa chaka cha phulusa, m'chaka cha 18 cha Hijra, Umar anasiya kudya nyama ndi mafuta a mkaka mpaka anthu atapeza bwino, ndipo khungu lake linasintha. Mtumiki anayamikira anthu a fuko la Ash'ari chifukwa chakudya chikawachepera ankasonkhanitsa zonse zimene anali nazo pa nsalu imodzi nkugawana mofanana ndi chopimira chimodzi. Ife sitinathe kusonkhana pa nsalu imodzi mu 2020, koma nsaluyo itha kuyenda. Amene akupita kumsika afunse pa mpanda nyumba ziwiri zoyandikana, makamaka za okalamba, amene matendawa amawagwira mwamphamvu: ulendo umodzi, makomo atatu. Amene ali ndi ndalama ya katoni aigule, koma agawane ndi anzake pa mtengo wa katoni. Wa sitolo amene katundu wamuchepera aike malire a mapaketi pa munthu mmodzi, ndipo ife ogula tisamukwiyire; wativula mlandu. Amene ali ndi kabuku ka ngongole aleze mtima ndi amene ntchito yawaima. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire.

Zakaat ya zokolola nthawi yake ndi nyengo yokolola. Amene wapeza chimanga chotongola chokwana mawasq asanu, pafupifupi makilogalamu 650, kapena matumba 13 a makilogalamu 50, apereke gawo limodzi mwa magawo khumi ngati munda wake unathiriridwa ndi mvula. Zakaatul Fitr ndi swaa imodzi pa munthu aliyense wa m'nyumba, ndiko kutapa kanayi ndi manja awiri odzaza, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kufikira atatu a chakudya chimene timadya. M'madhhab ya Shafi'i nkololedwa kuipereka kuyambira kumayambiriro a Ramadhan. Musadikire usiku wa Eid, pamene mitengo imakwera ndipo anthu amaunjikana. Itengereni nokha pakhomo la woyenera, muiike pakhonde, mupereke salaam muli chapatali.

Tikupempha Allah achize odwala athu, awachitire chifundo amene atsogola, ateteze anamwino ndi madokotala, ndipo adalitse malonda a wogulitsa woona. Ameen.