Wosewera Wodziwa Zam'tsogolo

M'caka ca 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anaturutsa masewera ochedwa Dungeons & Dragons. Osewera amakhala mozinga thebulo. Mmodzi amasimba nthano, ndipo yense wa otsalawo amatenga malo a munthu mmodzi wa m'nthanomo, nanena zimene munthuyo acita. Madayisi ndiwo amaweruza ngati zatheka. Pamenepo pamabuka funso: kodi nkoyenera kuti wosewera agwiritse nchito zimene adziwa iye yekha, zimene munthu wace wa m'nthano sangazidziwe?

Anyamata a ku Kabwe atati asewere mbiri ya mzinda wao, funsoli lingaoneke poyera. Nthano ikhale ya caka ca 1921, pamene mzindawo unkachedwa Broken Hill, ndipo mnyamata mmodzi akhale wokumba mumgodi. Iye anaphunzira kusukulu kuti caka cimeneco mumgodimo munapezeka cibade ca munthu wakalekale, cimene anapita naco ku London. Adziwanso kuti mgodi unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi la mtobvu linatsalira m'nthaka ya Kasanda ndi Makululu, nililowa m'mwazi wa ana. Wokumbayo sadziwa zonsezi. Adziwa njala, msonkho ndi mau a kapitao.

Tsono mnyamatayo akamtuma wokumba kukalunjika pamene pali cibade, kapena kusamutsa banja lace popanda cifukwa cooneka, waononga masewera, pakuti walanda anzace cimwemwe ca kufunafuna. Ena amati kudziyesa wosadziwa ndi bodza. Iai, bodza limafuna munthu wonyengedwa, koma apa onse anapangana, monga ana pamasanje, pamene mwana wochedwa bambo sanamiza ali yense.

Komatu wokumbayo asasandutsidwe citsiru. Ali ndi maso ndi makutu. Angathe kuona mnzace akudwala, nafunsa, nalingalira. Wosewera wanzeru amtsogolera panjira zotere, kuti cidziwitso cimfike monga cifikira anthu onse, pang'onopang'ono.

Mwambo umenewu uli ndi phindu kunja kwa masewera. Nkwapafupi kwa mnyamata wotsiriza sukulu kunyoza makolo amene anamanga nyumba pafupi ndi mgodi, kuiwala kuti cakudza siciimba ng'oma. Koma amene waphunzira kulekanitsa codziwa iye ndi codziwa mnzace sadzafulumira kutsutsa. Ndiponso sadzakhululukira onse cimodzimodzi, popeza asing'anga a ku Ulaya anadziwa ululu wa mtobvu zaka mazana ambiri mgodiwo usanakumbidwe. Wosadziwa ndi wodziwa amene anakhala cete sali pa mlandu umodzi.

Cotero poweruza munthu, wa m'nthano kapena wa m'mbiri, mafunso oyenera ndi awiri: kodi tsiku limenelo anadziwa ciani, ndipo akadafuna akadadziwa ciani?