Ntchito ya Kusukulu Ikafika Pakhomo



Kuno kwa Chulu miyezi ya Febuluwale ndi Malichi timaidziwa. Fodya wapsa m'munda, manja onse akufunika kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, ndipo msika wa ku Chinkhoma ukuyandikira. Miyezi yomweyi mwana wa Fomu 2 ndi wa Fomu 4 amabwera kunyumba ndi masamu oti asove ndi ndime zoti awerenge, poti mayeso a JCE ndi MSCE satsala patali. Dzuwa likapendeka pakhomo pamabuka funso: mwanayu atenge kope kapena atenge singano yosokera fodya? Tiyeni tilingalire funsoli mothandizidwa ndi ziphunzitso za Chikhulupiriro chathu.

Bahá'u'lláh anaphunzitsa kuti munthu aliyense afufuze choonadi payekha, osangotsata zimene ena anena. M'buku la Mawu Obisika, limene analivumbulutsa ali ku Baghdad cha m'ma 1858, akutiuza kuti chilungamo n'chimene chimathandiza munthu kuona ndi maso akeake ndi kudziwa ndi nzeru zakezake. Luso limeneli sabadwa nalo munthu, amachita kulizolowera. M'kalasi mwana amaona mphunzitsi akusova samu pa bolodi n'kumayesa kuti wamva. Akakhala yekha madzulo, kope lili patsogolo, mphunzitsi palibe, m'pamene amazindikira zimene wamvadi ndi zimene sanamve. Kumeneko n'kuyamba kuona ndi maso ake.

M'sukulu zambiri za sekondale zoyendera, ophunzira amachuluka, mabuku amachepa, ndipo mphunzitsi sangathe kuima pambali pa mwana aliyense. Kuti alandire satifiketi ya MSCE, wophunzira ayenera kukhoza maphunziro osachepera asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Zonsezi sizingakwane m'maola a m'kalasi okha. Mbande ya fodya timaiwokera tsiku limodzi, koma kupalira, kubandira ndi kuphukira kumatenga miyezi. Phunziro la m'kalasi ndiko kuwokerako, ndipo kuwerenga pawekha ndiko kusamalira mbewuyo kuti ikule.

Chitsanzo tili nacho m'boma lathu lomwe lino la Kasungu. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, anasiya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe ndalama za fizi. Iye sanaleke kuwerenga. Ankabwereka mabuku kulaibulale yaing'ono ya kwawoko, Chingerezi chikumuvuta, n'kumatsata zithunzi mpaka atamvetsa. Mapeto ake anapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zina zotola, ndipo nyumba ya kwawo inawala. Pambuyo pake anabwerera kusukulu, n'kumaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Tionepo ziwiri: anawerenga popanda womukakamiza, ndipo zimene anawerengazo anatumikira nazo banja ndi mudzi wake.

Apa m'pamene pagona chiphunzitso chachiwiri. Bahá'u'lláh anakweza ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira kuti ikhale ngati kupembedza, ndipo 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti kulimbikira sayansi ndi luso n'kupembedzanso. Choncho mtsikana amene akulimbana ndi Bayoloje pa kuwala kwa tochi, ndi cholinga choti adzathandize odwala, sali kutali ndi pemphero. Kusoka fodya kuti banja lidye ndi ntchito yolemekezekanso. Sitikunyoza munda, pakuti fizi imachokera komweko. Tikunena kuti zonse ziwiri zipatsidwe nthawi yake, chimodzi chisameze chinzake. M'buku la Kitáb-i-Aqdas udindo wophunzitsa ana, aamuna ndi aakazi, waikidwa pa kholo, ndipo udindowo sutha tikalipira fizi.

Tinenenso zoona za ana athu aakazi. Onse akaweruka, mnyamata amapeza mpata wotsegula buku, pamene mlongo wake wapita kumjigo, watola nkhuni, waphika, watsuka mbale. Akamakhala pansi, maso alemera kale. Zotsatira zikabwera timati mtsikana alibe mutu wa sukulu, chonsecho nthawi yake tinamudyera ndife. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti ngati banja silingathe kuphunzitsa ana onse, mwana wamkazi atsogole, chifukwa ndiye adzakhale mphunzitsi woyamba wa m'badwo ukubwerawo. Ngati tikhulupirira zimenezi, mnyamata anyamuleko chidebe.

Kwa ophunzira tili ndi mawu amodzi. Kukopera homuweki ya mnzako m'mawa, belu lisanalire, ndi bodza lolembedwa ndi cholembera. Mphunzitsi amachonga n'kuganiza kuti mwamva, ndiye sabwerezanso phunzirolo. Kunena zoona ndiwo maziko a makhalidwe onse abwino. Ndi bwino kupereka masamu atatu olakwa amene mwasova nokha kusiyana ndi khumi okhoza a mwini. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. M'chipinda cha mayeso a MANEB mudzalowa ndi zokhazo zimene zili m'mutu mwanu. Kuwerenga pagulu n'kwabwino, monga tichitira ife m'bwalo lino, koma aliyense ayambe wayesa payekha, kenaka abwere ndi funso lake.

Nafenso tili ndi homuweki yathu. Buku la Ruhi limatipempha kuloweza ndime ndi kukachezera anzathu. Mwana amene amaona mayi kapena bambo ake akuwerenga madzulo savuta kumuuza kuti atenge kope.

Mafunso okambirana:

1. Pakhomo pathu, kodi mwana wa sekondale ali ndi ola lodziwika lowerengera, ngakhale nyengo yosoka fodya?
2. Ntchito zamadzulo tazigawa bwanji pakati pa anyamata ndi atsikana?
3. Kholo losadziwa kuwerenga lingathandize bwanji mwana wake pa homuweki?
4. Ndi nyumba iti pakati pathu ili ndi nyali ya sola imene ana oyandikana angamawerengerepo kawiri pa sabata?

Tisanatseke ndi pemphero, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akachite sabata ino, ndipo tikakumananso tidzauzane mmene zayendera.