Analipira ndani kuti Nyika ikongole chonchi?

Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi. Ukatsetsereka makilomita pafupifupi 50 wafika kunyanja ku Nkhata Bay. Ukalowera cha ku Rumphi n'kudutsa pageti la Thazima, uli pa Nyika, pomwe mbidzi ndi nsefu zimangodya msipu pamapiri a udzu okhaokha mpaka komwe maso athera. Timajambula, timaponya pa WhatsApp, anzathu amvekere "Malawi ndi wokongola". Sakunama ayi. Koma munthu wobwera kudzaona malo, kodi ali ndi ngongole iliyonse kwa anthu amene malowo anali kwawo?

Nyika inakhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno. Mu 1978 boma linaikulitsa kufika pafupifupi masikweya kilomita 3,200, ndipo anthu amene midzi yawo inagwera mkati mwa malire atsopanowo anasamutsidwa. Anasiya minda, manda a makolo ndi malo omwe ankapemphererako mvula. Bata lomwe timalikonda ku Chelinda lija, lakuti sumva tambala kapena mtondo, mbali ina ndi bata la midzi yomwe inachotsedwa.

Ku Manchewe, pafupi ndi Livingstonia, nkhani yake ndi yofananako. Madzi amagwa mamita oposa 100, ndipo kuseri kwake kuli mapanga omwe Aphoka ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Pomwe ife timaima n'kumwetulira foni, mayi wina ankatseka mwana pakamwa kuti asalire.

Wina anganene kuti, "Ndiye mukufuna paki ithe?" Funso limeneli si lopepuka. Aliyense woyenda mumsewu wa M1 kudutsa ku Chikangawa akudziwa mmene nkhalango imathera ikasowa woilondera. Mapaini omwe anadzaza mahekitala oposa 50,000 anapita ndi macheka ndi moto, m'malo ambiri kwangotsala zitsa. Pakanapanda lamulo, mwina maluwa a orchid a pa Nyika, omwe alipo mitundu yoposa 200, akanatha ndi okumba chinaka. Kuteteza malo ndi chinthu chabwino, sinditsutsa.

Pomwe pandivuta mpakuti mtengo wake analipira ndi ena, odyerera ndi ena. Ife tikalipira pageti timaona ngati tamaliza. Koma agogo a m'midzi yozungulira pakiyi analipira ndi mudzi wonse, ndipo mdzukulu wawo akalowa kukatchera nyama, amatchedwa wakuba. Malamulo akutero, inde, koma mtima wa munthu woona sukhutira pomwepo.

Ku Japan ali ndi mawu akuti satoyama. Amatanthauza malo omwe mudzi, minda ya mpunga ndi nkhalango zimakhalira limodzi, anthu n'kumasamalira nkhalangoyo chifukwa imawadyetsa. Alendo amapita kukaona malo oterowo anthu ake ali momwemo. Zikusonyeza kuti si nthawi zonse pomwe munthu wa kumudzi amakhala mdani wa malo okongola.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife timafika Loweruka, Lamlungu tabwerera ku Katoto kapena ku Chibavi. Otsala ndi njovu zowadyera chimanga, ngati zimachitikira m'midzi ya mphepete mwa Vwaza, ndi eni dera.

Ndiye ngongole yathu njotani? Kwa ine ndi iyi: tisamafike ngati kuti malowo anayamba tsiku lomwe tawaona. Tifunse dzina la phiri kwa munthu wa komweko, osati pa Google pokha. Mnyamata wotiperekeza kumathithi timulipire bwino, osamunenerera ngati tikugula tomato. Uchi ndi chakudya tigule m'midzi yomwe tikudutsamo, osangonyamula zonse m'tauni. Ndipo pa chithunzi chija, pansi pa mawu akuti "Malawi ndi wokongola", tionjezeko mzere umodzi wonena za anthu amene anasamuka mu 1978.

Zimenezi sizibweza mudzi wa munthu, ndikudziwa. Koma mlendo waulemu akadya nsima amafunsa amene waphika.