Mbululu, Chikwa ndi Dongo: Mfundo Zofunika kwa Alezi a Ana

Mvula ikangoyamba, mlezi wa pa sukulu ya mkombaphala sasowa chophunzitsira. Zithaphwi zimadzaza mbululu, masamba amadyedwa ndi mbozi, kunkhuku nako thadzi limakhala likukhalira mazira. Mfundo zotsatirazi ndi za amene akufuna kuti ana aumbe, amate ndi kujambula mmene zamoyo zimakulira.

1. Mwana ayambe waona, kenako aumbe. Mukamupatsa dongo mwana amene sanaonepo mbululu, aumba zimene mwamuuza, osati zimene akudziwa. Tungani madzi a pachithaphwi m'chigubu chodula pakamwa, muli mbululu zingapo, muchiike pamthunzi pomwe ana angachizungulire. Aone kamutu kakuda kaja, kamchira kakupiriringa, ndi mmene zimakhamukira pa ndere. Zikakula mukazibweze komwe munazitenga, ana akuona. Maria Sibylla Merian, mayi wobadwira ku Frankfurt mu 1647, ankaweta mbozi yekha n'kumazijambula tsiku ndi tsiku, pa nthawi yomwe anthu ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa m'matope. Mu 1699 anakafika mpaka ku Suriname pa ntchito yomweyo. Zojambula zake zinali zoona chifukwa maso ndiwo ankatsogola, dzanja likutsatira.

2. Musamukonzere mwana mwachangu, koma musamusiyenso m'bodza. Ana ambiri akamaumba chule wamng'ono amathyola mchira n'kuutaya, poganiza kuti umagwa ngati wa buluzi. Sugwa ayi. Umafupika pang'onopang'ono chifukwa thupi limaugwiritsa ntchito ngati chakudya. Miyendo yakumbuyo ndiyo imayamba kuoneka, yakutsogolo pambuyo. M'malo momulanda dongolo, mufunseni kuti, "Tiye tikaone m'chigubu muja, mchira wagwa uli pati?" Akafufuza osaupeza, aumbanso yekha mbululu zinayi, iliyonse ya mchira wofupikirapo. Mwana wotere waphunzira kuti maganizo ake akhoza kuyesedwa ndi zomwe zilipo, ndipo si manyazi kusintha.

3. Zipangizo zili pakhomo. Nthanga za maungu zikhale mazira, zitsekerero za mabotolo zolumikiza pa ulusi zikhale mbozi, makoko a chimanga okulunga akhale chikwa, masamba ouma awiri akhale mapiko. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino. Aphunzitsi m'Malawi njira imeneyi amaidziwa ndi dzina loti TALULAR.

4. Musanyoze mbozi pamaso pa ana. Gulugufe aliyense amamuyamikira, koma mbozi ikagwa pa mkeka timakuwa n'kuiponda. Chonsecho ndi chamoyo chimodzimodzicho pa misinkhu iwiri. Ndipo ife eni ake, si ife timasangalala nyengo ya mphalabungu ndi matondo ikafika? Mwana womata mbozi yake pafupi ndi gulugufe pa katoni imodzi amazolowera kuti chooneka chonyansa lero sichinamalize ulendo wake. Chimodzimodzinso, pali ana m'kalasimo ochedwa kulankhula, ena ogwira pensulo movutikira, ndipo anzawo amaona mmene mlezi akuwayang'anira.

5. Chikwa ndicho gawo lovuta kuphunzitsa, chifukwa kunja kwake sikuoneka chochitika. Ana amafuna kuchibowola ndi kamtengo kuti aone za m'kati, ndipo akatero chimafa. Apa ndi pomwe akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani chikwa chenicheni m'botolo lotseka ndi kansalu kopyapyala, m'katimo muli kamtengo kokwerapo, ndipo m'mawa uliwonse mwana mmodzi aziponya kamwala m'chitini powerenga masiku. Gulugufe akatuluka mapiko ake amakhala onyowa ndi okwinyika, sauluka nthawi yomweyo. Amayamba walendewera mpaka atatambasuka ndi kuuma. Musamuthandize. Ndimaona kuti akulufe ndi amene timalephera pamenepa kuposa anawo, poti tazolowera kufuna zotsatira pofika Lachisanu.

6. Matani zinthuzo mozungulira, osati pamzere. Mzere umauza mwana kuti nkhani yathera pa nkhuku yaikulu, pomwe nkhukuyo ndiyo iikirenso dzira. Gwiritsani ntchito lichero lakale: dzira pamwamba, kamwanapiye ka thonje, msoti, thadzi, muvi wobwerera ku dzira. Thadzi limakhalira mazira masiku 21, ndipo ana a zaka zisanu angathe kuwawerenga ndi njere za chimanga.

7. Si zamoyo zonse zimene tiyenera kuzisiya zimalize kukula. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, m'zitini, m'matayala akale ndi m'mapazi a ng'ombe, ndipo nyengo yotentha umatha kuchoka pa dzira kufika pouluka pasanathe masabata awiri. Mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo ija, yomwe inafika mu Africa mu 2016, imadya chimanga kunsonga, n'kutsikira m'nthaka momwe imasanduka kagulugufe kotuwa kouluka usiku. Ana akamaliza kumata timphutsi ta udzudzu topangidwa ndi ulusi pa pepala, atulutseni azungulire bwalo la sukulu, avundikire chitini chilichonse chomwe chasunga madzi, ndipo akafike kunyumba akawaonetse makolo awo komwe mazira a ntchemberezandonda amabisala pa tsamba la chimanga.