Kodi tikulanda chuma cha yani?

Amayi anzathu, tonse tidaonapo zimene zimachitika pa maliro ena. Manda asanaume n'komwe, achibale a malemu ayamba kale kuwerenga malata, mbuzi ndi makina osokera, ana ali pakhonde kungoyang'ana. Mchitidwe umenewu timadana nawo, ndipo lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limati ndi mlandu. Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti wolandidwayo ndi mwana, amene sangaime pabwalo kudziyankhulira.

Tsono alipo ana ena amene sangathe ngakhale kulira: adzukulu a adzukulu athu, amene sanabadwe. Kodi munthu amene kulibe angalandidwe kanthu? Ena amati ayi, udindo wathu uli pa amoyo basi, obwerawo adzadzionera okha.

Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino sitingavomere msanga. Tinkabaya katemera wa kafumbata atsikana ndi amayi ngakhale asanaime, kuti mwana amene adzabadwe asadzafe ndi kafumbata wolowera pamchombo. Mwanayo analibe dzina, analibe ngakhale bambo wodziwika, koma palibe adatifunsa kuti tikuvutikira yani. Tinkadziwa kuti akubwera, ndipo zimenezo zinali zokwanira.

Ntchito ya kusikelo idapindula. M'chaka cha 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2016 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 63. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Tidawapulumutsa anawo, ndipo sitinong'oneza bondo. Koma minda sidakule. Ngati tidalimbana kuti akhale ndi moyo, sitingathe kunena kuti za nthaka, madzi ndi nkhuni zimene moyowo udzadalire sizikutikhudza.

Amene tidakulira ku Blantyre tikukumbukira phiri la Ndirande lili ndi mitengo. Lidametedwa ife tikuona, ena a ife tikugula nkhunizo. Soche nalonso lidatsatira, nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala pa Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adatisiya. Mvula ija inali yoopsa, sitinganene kuti mitengo yokha ikadaletsa zonse. Komabe ana ang'onoang'ono amene adakwiririka m'matope muja adali asanabadwe pamene nkhwangwa zinkalira m'phirimo. Sadaothe moto wake, sadadye ndalama yake.

Pamenepa wina atifunsa, ndipo ali ndi mfundo: nanga mayi amene alibe magetsi aphikire chiyani? Nanga mnyamata wokankha njinga ya makala usiku wonse kuti mwana wake adye, timuuze kuti aganizire mdzukulu? Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mwana wanjala wa lero nayenso ndi mbadwo wa mawa, ndipo chilungamo chimene chingamugoneke ndi njala pofuna kusungira wosabadwa sichilungamo ayi.

Ife tikuona kuti katunduyu sayenera kugawidwa mofanana. Woyamba kusenza akhale amene ali ndi posankha. Ambirife m'matauni, a penshoni ndi a malipiro a pamwezi, ndife timagula matumba aja, nthawi zina ngakhale magetsi akuyaka, poti nyemba za pamakala zimakoma. Wootcha makala timamunyoza pamsonkhano, madzulo n'kumuitana pageti, n'kumunenereranso mtengo. Tisanaloze chala kumudzi, tiyambe tawerenga matumba amene adalowa m'khitchini mwathu chaka chathachi.

Kumudzi nako zilipo zotheka popanda kulanda chakudya cha mwana. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa, ndipo utsi ukachepa chifuwa cha mwana wa kumsana chimapumulako. Mapesi a nandolo amayaka bwino. Mtengo wa msangu m'munda umayoyola masamba nthawi ya mvula, sulanda chimanga dzuwa, ndipo umabwezera chonde.

Chovuta ndi mbawa. Ife a zaka za m'ma 60 tikaibzala dzinja lino sitidzachekako thabwa, mwinanso mthunzi wake sitidzaukhala. Mango amene tikudya m'midzi mwathu ambiri adabzala ndi anthu amene mayina awo tidaiwala.