Magalimoto Otchuka Amene Sadadyetse Owapanga

Mu Ogasiti 2018, pa okushoni ina mumzinda wa Monterey ku California, galimoto yofiira ya mipando iwiri idagulidwa pa madola 48.4 miliyoni. Inali Ferrari 250 GTO ya 1962, imodzi mwa magalimoto 36 okha a mtunduwu amene adapangidwa. Ili yatsopano, galimoto yotereyi inkagulidwa pa madola pafupifupi 18,000 ku America. Ndalama za ku Monterey zidalowa m'thumba la mwini galimotoyo ndi la ochititsa okushoni, ndipo kampani imene idaipanga sidanyambitepo kanthu.

Apa ndi pamene okonda magalimoto akale a liwiro amasokera. Akamakangana kuti galimoto yopambana inali iti, amathamangira mtengo wa lero ndi kusowa kwake. Komatu galimoto imapangidwa ndi anthu amene amadikira malipiro mwezi ukatha. Funso loyenera kufunsa galimoto iliyonse ndi lakuti: m'masiku ake, kodi idalipira amisiri, kubweza ngongole ndi kusiya zitseko za fakitale zili chitsegulire? Mbiri ikayankha funsoli, mndandanda wa akatswiri umatembenuka.

BMW 507 ndi umboni woyamba. Max Hoffman, wamalonda amene ankalowetsa magalimoto a ku Ulaya mumzinda wa New York, adauza akuluakulu a BMW ku Munich kuti anthu a ku America agula galimoto yokongola yopanda denga ikakhala pa madola 5,000. Albrecht von Goertz adaijambula, ndipo mpaka lero ambiri amati palibe BMW ina yoiposa maonekedwe. Koma thupi lake la aluminiyamu linkaumbidwa ndi manja, mtengo udakwera pafupifupi kawiri, ogula nkuthawa. Kuyambira 1956 mpaka 1959 adapanga magalimoto 252 okha, ndipo kampani inkaluza pa iliyonse. Elvis Presley adali nayo yake, koma dzina lake silidabweze ngongole za fakitale. Chinali chikomekome cha mkuyu. Mu Disembala 1959 BMW, imene malonda a njinga zamoto ndi a magalimoto ake akuluakulu anali atalowanso pansi, idatsala pang'ono kumezedwa ndi kampani ya Daimler-Benz. Idapulumuka ndi ndalama za wamalonda Herbert Quandt komanso ndi kagalimoto kotsika mtengo, BMW 700, kamene adapanga koposa 180,000.

Nkhani ya Lamborghini Miura ndi yowawa mwa mtundu wina, chifukwa iyo ogula ankaifuna. Ferruccio Lamborghini adalemera ndi mathirakitala asanatsegule fakitale ya magalimoto ku Sant'Agata Bolognese mu 1963. Pa chionetsero cha ku Turin mu 1965, mainjiniya ake, Gian Paolo Dallara ndi Paolo Stanzani, adaika poyera mafupa okhaokha a galimoto: felemu, matayala, ndi injini ya masilinda 12 yogonekedwa chopingasa kuseri kwa mipando. Thupi kunalibe, koma olemera adayamba kale kufunsa mtengo. Marcello Gandini atalijambula thupilo, idatuluka galimoto yaifupi msinkhu, yofika munthu m'chiuno, nyali zake zozunguliridwa ndi tizitsulo tonga nsidze. Woyendetsa ankamva kubangula ndi kutentha kwa injini kumbuyo kwa khosi lake, ndipo thanki ya mafuta imene inali kutsogolo ikayamba kuphwa, mphuno ya galimoto inkapepuka pa liwiro lalikulu. Anthu adaikonda ndi zilema zake zomwe.

Komabe pofika 1973 ma Miura onse anali 764. Chiwerengero chotere sichingasenze kampani tsoka likagwa. Oda yaikulu ya mathirakitala yochokera ku Bolivia itabwezedwa, Ferruccio adagulitsa gawo lalikulu la kampani ya magalimoto mu 1972, natula lotsala mu 1974 mafuta atakwera mtengo padziko lonse, nkupita kukalima mphesa ku Umbria. Countach, galimoto ina ya Lamborghini yotseguka zitseko chokwera m'mwamba, imene chithunzi chake chidakongoletsa zipinda za anyamata osawerengeka, idalephera kuletsa kampaniyo kugwa mu 1978. Pa zaka 16 sidafike n'komwe 2,000.

Jaguar E-Type idayenda njira ina. Pa chionetsero cha ku Geneva mu Marichi 1961, anthu ofuna kuikwera adachuluka moti Norman Dewis, woyesa magalimoto wa kampaniyo, adauzidwa kuti asiye zonse, ayendetse ina usiku wonse kuchokera ku Coventry. Chidakopa khamulo si kukongola kokha. Galimoto yolonjeza liwiro la makilomita 240 pa ola inkagulidwa pa mapaundi opitirira 2,000 pang'ono, pafupifupi theka la mtengo wa Aston Martin. Mkulu wa Jaguar, William Lyons, adakwanitsa izi chifukwa sadaipangire chilichonse payokha. Injini yake ya XK, imene idayamba ntchito mu 1948, inali yomweyo ya m'magalimoto apabanja a Jaguar, ndipo zitsulo zogwira matayala akumbuyo zidagwiranso ntchito m'magalimoto ena a kampaniyo. Makaniko wodziwa Jaguar ina sankachita chilendo akatsegula boneti. Adapanga oposa 72,000, ambiri napita ku America. Pa Miura imodzi, ma E-Type anali oposa 90.

Koma katswiri weniweni pa muyeso uwu ndi Porsche 911, imene idaonekera ku Frankfurt mu 1963. Sinali yothamanga ngati Miura, ndipo injini yake yolendewera kumbuyo kwenikweni inkafuna woyendetsa wosamala pokhota. Mphamvu yake inali yakuti mwini wake ankatha kupita nayo kuntchito m'mawa, kukagula ndiwo madzulo, Loweruka nkukapikisana nayo pabwalo. Ngakhale zinali choncho, akuluakulu a kampani adaganiza zoisiya kuti galimoto ina, Porsche 928, ilowe m'malo mwake. Mu 1981 bwana watsopano, Peter Schutz, adalowa muofesi ya mkulu wa mainjiniya, Helmuth Bott, naona tchati pakhoma chosonyeza mzere wa 911 ukuthera panjira. Adatenga cholembera, nautalikitsa mzerewo kudutsa pepala lonse mpaka kukalemba pakhoma penipeni. Mu Meyi 2017, fakitale ya Porsche ya ku Zuffenhausen idatulutsa 911 yokwanitsa miliyoni imodzi.

Wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Galimoto yosowa imapanga dzina, ndipo dzina ndi chuma. Pamene Audi inkagula Lamborghini mu 1998, chachikulu chimene inkalipirira sichinali makoma a fakitale, koma chimene anthu amamva mumtima akaona chizindikiro cha ng'ombe yamphongo, ndipo chimenecho chidamangidwa ndi Miura ndi Countach. Zimenezi nzoona. Koma taonani amene adakolola. Pakati pa Ferruccio ndi Audi, kampaniyo idadutsa m'manja mwa amalonda a ku Switzerland, a khoti, a abale a Mimran, a Chrysler ndi a amalonda a ku Indonesia. Wofesa, Ferruccio, anali atamwalira mu 1993. Ngakhale Enzo Ferrari, amene dzina lake linali lolemera kuposa onse, adapereka theka la kampani yake kwa Fiat mu 1969 kuti mipikisano yake isaime. Dzina limabala zipatso mochedwa, ndipo limafuna wina wa thumba lakuya woti alisamalire podikira.

Nchifukwa chake ulemu umene umapita kwa ojambula ndi oyendetsa uyenera kufikanso kwa anthu amene ankawerengera mtengo wa bawuti iliyonse, ndi kwa magalimoto wamba amene ankadyetsa anzawo otchukawo. Porsche nayonso idapepuka m'thumba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Wendelin Wiedeking adaitana akatswiri a ku Japan ophunzira ku Toyota kuti adzakonze kagwiridwe ka ntchito mufakitale. Kenako kudabwera Boxster mu 1996, yogawana zipangizo zambiri ndi 911, ndi Cayenne mu 2002, galimoto yaitali yonyamula banja lonse, imene okonda liwiro adaikwiyira koma idadzaza nkhokwe.

Lamborghini idaphunzira phunziro lomweli mochedwa. Mu 2023 idapereka kwa ogula magalimoto 10,112, ndipo oposa theka anali Urus, ya zitseko zinayi, yokhala pa maziko amodzi ndi Cayenne ndi Audi Q8. Chiwerengero cha ma Miura onse amene amisiri a Ferruccio adavutikira zaka 7, fakitale yomweyo ya ku Sant'Agata tsopano imachikwanitsa m'mwezi umodzi.