Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Ndemanga Zowawa za Mafilimu pa Intaneti

Mwambi woti wakutsina khutu ndi mnansi umanena za munthu amene amachenjeza mnzake za choipa chimene mwiniwakeyo sakuchiona, ndipo tanthauzo lake lagona pa mawu awiri, kutsina khutu ndi unansi. Kutsina khutu ndi zimene mayi kapena malume amachita akagwira mwana kunsonga kwa khutu ndi zala ziwiri, namukokera kuseri kwa nkhokwe kumene alendo sangamve, kuti amuuze mawu ochepa okhudza khalidwe lake. M'kupita kwa nthawi mawuwa anayamba kutanthauza kudziwitsa munthu mwakachetechete za chinthu chimene chingamugwetse m'mavuto, n'chifukwa chake atolankhani mpaka lero amalemba za munthu amene wawatsina khutu. Mnansi ndi wachibale kapena woyandikana naye nyumba, amene tsoka la mnzake limamukhudza, pakuti maliro a pakhomo limodzi amagoneka mudzi wonse kusiwa. Mwambiwu, tsono, umalemekeza uthenga umene walowa m'khutumo pamodzi ndi mtima wa wounenayo, pamene ululu wa chikhadabo ndi wongodzutsa munthu kuti amvetsere.

Pa nkhani ya kuunika mafilimu, kumene ndi kuonera filimu ndi kulemba chiweruzo chokhala ndi zifukwa kuti ena adziwe ngati n'koyenera kutayirapo ndalama ndi nthawi, mwambiwu watembenuzidwa chadodolido, moti owerenga ambiri pa intaneti amaona ngati aliyense wotsina mopweteka ndiye wonena zoona. Maganizowa ali ndi gwero lake. Mu 1983, katswiri wa maganizo a anthu Teresa Amabile anafalitsa kafukufuku amene anapatsa anthu ndemanga za mabuku, zina zoyamikira ndipo zina zodzudzula, napeza kuti owerengawo ankaona wodzudzula ngati wanzeru ndi wodziwa zambiri kuposa woyamikira, ngakhale kuti sankamukonda. Kuwonjezera apo, matamando anadzionongera okha mbiri chifukwa cha malonda: mu 2001 magazini ya Newsweek inaulula kuti David Manning, amene mawu ake otamanda ankasindikizidwa pa zotsatsa mafilimu a kampani ya Sony monga A Knight's Tale ndi The Animal, sanali munthu weniweni koma dzina lopekedwa ndi otsatsa malondawo, nalikoloweka pa nyuzipepala yaing'ono ya ku Connecticut yotchedwa The Ridgefield Press. Munthu amene ananamizidwapo ndi mawu okoma sangadzudzulidwe akayamba kukhulupirira mawu owawa, koma apa m'pamene wachiwembu wa mtundu wina amapezera mpata.

Filimu ya The Promise, imene Terry George anaikonza pofotokoza za kuphedwa kwa anthu a ku Armenia mu ufumu wa Ottoman kuyambira mu 1915, inaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Toronto mu Seputembala 2016. Itangoonetsedwa maulendo atatu okha, tsamba la IMDb, kumene aliyense amatha kupatsa filimu nyenyezi kuyambira imodzi mpaka khumi, linali litalandira kale mavoti a nyenyezi imodzi oposa 50,000, chiwerengero chimene sichikanakwana m'nyumba zoonetseramo filimuyo ngakhale anthu akanakhala pamiyendo ya anzawo. Ena zikwizikwi anabwezera ndi nyenyezi khumi nawonso asanaionere, moti mbali zonse ziwiri zinali kukangana za mbiri ndi ndale, filimuyo ili phee. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ovota otere amaposa kandimverere, chifukwa iye anafikako ndithu pabwalo pamene mlandu unkakambidwa.

Zofananazo zinagwera filimu ya Captain Marvel kumayambiriro kwa 2019, pamene anthu okwiya ndi zimene Brie Larson, amene anasewera mbali yaikulu mu filimuyo, ananena zoti ounika mafilimu ambiri ndi amuna achizungu anakhamukira pa tsamba la Rotten Tomatoes filimuyo isanatuluke. Mu Febuluwale chaka chomwecho eni tsambalo analetsa ndemanga za anthu wamba pa filimu imene sinayambe kuonetsedwa, ndipo mu Meyi anayamba kusiyanitsa mavoti a anthu amene pali umboni woti anagula tikiti. Njirayi inathandiza, koma tikiti imangotsimikiza kuti munthu anakhala pampando. Siingaonetse ngati anali ndi mtima wa mnansi. Kawerengedwe ka tsambalo nakonso kamameza zifukwa, popeza ndemanga iliyonse ya katswiri imaikidwa m'gulu la zoyamikira kapena la zodzudzula, ndipo filimu ikapanda kufika pa 60 peresenti imapatsidwa chizindikiro cha phwetekere wophwanyika. Wowerenga amatsala ndi nambala yokha, ngati mwana amene khutu likumunyerenyetsa koma sanauzidwe chimene walakwa.

Wina angatsutse kuti wounika filimu satengera aliyense kuseri kwa nkhokwe, pakuti amalankhula pagulu, ndipo kutsutsa kumeneku n'komveka. Komabe mnansi woyamba wa wounikayo ndi woonera, amene ali ndi madzulo amodzi okha opuma ndi ndalama zowerengeka, ndipo kumuchenjeza kumafuna kutchula chimene chalephera: ngati ndi nkhani imene yamasuka pakati, ochita sewero amene mawu awo sakugwirizana ndi nkhope zawo, kapena zithunzi zimene zatalikitsidwa popanda cholinga. Chifukwa chotchulidwa chingathe kuyesedwa ndi kukanidwa, pamene chipongwe sichisiya poyambira kukambirana.

Roger Ebert, amene analemba za mafilimu mu nyuzipepala ya Chicago Sun-Times kuyambira mu 1967 mpaka imfa yake mu 2013 ndipo analandira mphoto ya Pulitzer mu 1975, sanali munthu wa chikhadabo chofewa. Ataonera filimu ya The Brown Bunny ya Vincent Gallo pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 2003, anaiika pansi pa mafilimu onse amene anaonetsedwapo pa chikondwererocho, ndipo awiriwa ananyozana poyera ndi mawu osayenera kubwerezedwa. Gallo atadula mphindi pafupifupi 26, Ebert, amene akanatha kuumirira pa chiweruzo chimene chinali chitatchuka kale, anakhalanso pansi mu 2004 naonera filimu yofupikitsidwayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anaipatsa nyenyezi zitatu mwa zinayi, nafotokozera owerenga ake mmene kudulako kunaisinthira.